Malata ali ngwee pamwamba, ciswe cili pa nchito pansi

Aliyense woyenda mu mseu wocokera pa boma la Lundazi kubwera kuno kwa Mwase m'miyezi ya Julaye ndi Ogasiti adziwa cimene ndifuna kukamba. Ngolo za ng'ombe, njinga zamoto, ngakhale njinga zopalasa, zonse zimakhala zitasenza malata. Munthu akangogulitsa soya, nshawa, mpendadzuwa kapena fodya wake, maganizo oyamba ndi a denga. Ine sindimunena ai. Amene anagonapo m'nyumba ya udzu yodontha, nkumasuntha mphasa usiku wonse kuthawa madontho, sangaseke mnzake wofuna malata.

Koma funso langa ndi ili, abale anga: nanga ndi cifukwa ciani malata omwewo, pofika Novembala kapena Disembala, timakawatola m'minda ya anzathu atapindika ngati masamba a nthoci? Ndi cifukwa ciani nyumba ya njerwa zoocha yomangidwa zaka zisanu zapitazo lero ili ndi mng'alu woti dzanja nkulowa? Pa nchito yanga ya ukatekisi ndimayenda m'midzi yambiri kukaona odwala, kukatsogolera mapemphero a maliro ndi kucezera miphakati, ndipo ndimalowa m'nyumba za anthu kufika ku cipinda cogona. Zimene ndimaonako ndi zija akulu anati cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyerere. Ndalama zonse timaziika pa cinthu cimene odutsa m'njira amaona, ndipo zimene zimasunga nyumba, zomwe zili zobisika, timaziumira.

Ndisanaloze munthu cala ndiyambe ndi ine mwini. Mu 2016 ndinapeza bwino pa nshawa ndi thonje. Ndinagula malata, ndinaitana mmisiri wina, ndipo m'masabata atatu nyumba inali itafoleredwa. Anthu pocokera ku chalichi anali kupatuka kudzaiona. Amai a kunyumba anandifunsa kuti, “Abambo, nanga denga limeneli mwalimangirira ku ciani?” Ine ndinayankha mwamatama kuti zimenezo ndi za amisiri, iwo asamale za mapoto. Mvula yoyamba ya Novembala inabwera ndi mphepo madzulo ena tili pa nsima. Tinangomva ciphokoso ngati galimoto yagunda khoma, ndipo poyang'ana kumwamba tinaona mitambo. Theka la denga, malata pamodzi ndi mapulanga ake, linakatera pafupi ndi khola la mbuzi. Mulungu anatisunga, palibe anapweteka, koma matumba a cimanga ananyowa ndipo mabuku amene ndinasunga kucokera ku seminale anasanduka phala. Amai sanakambe liu ngakhale limodzi. Kukhala cete kwaoko kunandiwawa koposa mphepo.

M'mawa mwake titakwera pa khoma tinapeza kuti pulanga lonyamula denga linangogonekedwa pamwamba, nkupanikizidwa ndi mzere umodzi wa njerwa. Panalibe waya, panalibe ciliconse coligwira. Ndinafuna kukwiyira mmisiri uja, koma ndinakumbuka kuti pamene anachula za waya ndine amene ndinati ndalama zatha.

Ambiri timaganiza kuti mphepo imagwetsa denga pokankha m'mbali. Iai. Mphepo ikamadutsa mwaliwiro pamwamba pa malata imawakokera kumwamba monga momwe imacotsera cisoti pamutu, ndipo ikapeza mpata kunsi kwa denga, pa windo lopanda galasi kapena pa citseko cotseguka, imalowa nkukankhanso kucokera mkati. Denga la malata ndi lopepuka. Ngati silinagwirane ndi khoma, lipita basi. Miyala, njerwa ndi matayala akale amene timasanjika pamwamba sizigwira denga pa tsiku la mkuntho. Zimangosanduka zida zogwera ana.

Cofunika ndi waya wokhuthala, kapena kacitsulo kaphanthiphanthi kaja amisiri amamangira mapulanga, kukwiriridwa m'khoma pamene akumanga, mizere isanu kapena isanu ndi umodzi ya njerwa kutsika pansi, ndipo nsonga zake zidzakulunge pulanga la pamwamba pa khoma pamodzi ndi mapaso. Zimenezi zicitike mozungulira nyumba yonse, makamaka m'makona, cifukwa ndi m'mene mphepo imayambira kusenda. Misomali ikhale ija ya zisoti, ikhomedwe pa msana pa lata osati mu mkwasa modutsa madzi, ndipo m'mphepete mwa denga icuruke. Mtengo wa zonsezi ndi wocepa tikayerekeza ndi wa malata amene tifuna kupulumutsa. Cina, pogula malata tizifunsa kukhuthala kwake. Pa geji, nambala ikamakula lata limapyapyala: la 28 ndi lolimba kuposa la 32. Masitolo ena amalemba m'mamilimita, ndipo apo nambala yaikulu ndiyo yabwino. Lata lochipa kwambiri limang'ambika pa msomali pomwe.

Makolo athu sanapite ku sukulu ya umisiri koma zina anazidziwa. Nyumba yozungulira ya denga losongoka mphepo inali kungoilambalala. Mapaso anali omangidwa ndi luzi ku nsici zozikika pansi. Udzu unali kutsika kupitirira khoma, nkupanga khonde loteteza cipupa ku mvula, ndipo utsi wa m'khichini unali kuthamangitsa tizilombo m'mitengo ya denga. Sindikamba kuti tibwerere ku udzu. Udzu wofolera ukusowa, moto wa m'chire ndi wa nyali wapsereza mabanja ambiri, ndipo kufolera caka ndi caka ndi cintchito. Ndikamba kuti posiya udzu tinataya ndi nzeru zomwe. Lero timamanga denga lathyathyathya lotsetsereka mbali imodzi, malata nkuthera pa khoma penipeni kuti tisunge theka la lata, kenaka nkumadabwa. Denga lotsetsereka mbali zonse zinayi limadya mapulanga ambiri, inde, koma ndilo limapirira mphepo.

Tsopano titsike pansi, kumene kuli mdani wosacita phokoso. Ciswe sicigwa kumwamba. Cimakhala m'nthaka, cimafuna cinyezi ndi mdima, ndipo cimakwera pa khoma kudzera m'timiseu ta dothi tija timaona tikuyenda kupita ku denga. Cimadya pulanga mkati nkusiya khungu lokha, kotero kuti munthu umadziwa tsiku limene felemu la citseko lafumbutuka m'manja. Ndipo nthawi zambiri timaciitana tokha. Timamanga pa malo osazula zitsa ndi mizu, zidutswa za mapulanga timazikwirira pansi pa simenti podzaza nyumba, nkhuni timaunjika motsamira khoma, mapesi ndi makoko a nshawa ali mbwee kuseli. Ena timamanga pafupi ndi culu cifukwa ndi pamene taumbira njerwa ndipo tiopa kututa mtunda wautali. Dothi la pa culu limaumba njerwa zabwino, palibe wokana, koma eni culuwo sanasamuke. Dzenje lotsala poumba njerwa nalo timangolisiya, dzinja lonse nkukhala dziwe la udzudzu ndi msampha wa ana ang'ono.

Kale mafelemu ndi zitseko zinali za mlombwa, uja anzathu ena amati mukwa, umene ciswe cimaupewa. Lero mlombwa ndi wosowa ndiponso wodula, ndipo ambiri tikugwiritsa nchito paini ndi bulugamu, zimene kwa ciswe ndi nsima ya nyama. Mapulanga otere ayenera kupakidwa mankhwala akuda aja oteteza mitengo asanakwezedwe, mbali zonse, ndiponso pa nsonga pamene sowo yadula. Kupaka denga litamangidwa kale ndi kudzinamiza, cifukwa pamene pulanga lakhudza khoma, pomwe ciswe cimalowera, bulashi sifika. Oilo wakuda wocokera m'injini amene ambiri timapaka amathandizako pang'ono cabe, ndipo asathiridwe pansi pafupi ndi citsime.

Pa nkhani ya mankhwala ndicenjezepo. Acikulire amakumbuka mankhwala amphamvu a kale monga dieldrin, aldrin ndi chlordane, ndipo ena amadandaula kuti masiku ano kulibe. Mankhwala amenewo ali m'gulu la amene maiko anagwirizana kuwathetsa pa pangano la ku Stockholm mu 2001, cifukwa saola m'nthaka, amalowa m'madzi ndi m'zakudya nkukhazikika m'thupi la munthu. Cotero munthu akakubweretserani madzi oyera m'kabotolo ka zakumwa kopanda cizindikiro, nkumati awa ndi aja akale, musagule. Mankhwala oyenera amakhala m'cidebe cake colembedwa dzina ndi kasakanizidwe, ndipo kuno ku Zambia amene amayang'anira zimenezi ndi a bungwe la ZEMA. Kabotolo kopanda dzina kosungidwa kunsi kwa bedi, mwana saona kusiyana kwake ndi cakumwa.

Koma cida ceniceni colimbana ndi ciswe ndi maso ndi tsache. Maziko a nyumba akwere njerwa ziwiri kapena zitatu pamwamba pa nthaka ndipo aziooneka, osawakwirira ndi dothi kapena maluwa, kuti kamseu ka ciswe kakangoyamba kaoneke nkuphwanyidwa tsiku lomwelo. Amene amayamba kuona timiseu timeneti ndi amai posesa m'mawa. Vuto ndi lakuti akatiuza ife amuna timati tidzaona mawa. Ine ndaleka kuyankha conco, ndipo mwamva kale cifukwa cake.

Mnzake wa ciswe ndi madzi. Tiyeni tiwerengere pamodzi. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi imapereka lita imodzi. Nyumba ya mamita 8 kwa 6 ili ndi denga la mamita 48 otere. Mvula imodzi yabwino ya mamilimita 20 imatsitsa malita 960 kucokera pa denga limenelo, kuposa madilamu anayi aja a malita 210. Dera lathu lino pa caka cabwino limalandira mamilimita pakati pa 800 ndi 1,000, ndiye kuti malita oposa 38,000 pa denga limodzi. Madzi onsewa timawalola kugwera pa phazi la khoma. Amakumba kangalande, amadumphira pa cipupa, amalowa m'maziko, dothi nkufewa, kona imodzi nkutitimira, ndipo mng'alu uja wayamba. Cimbudzi cokumbidwa kumunsi kumene madziwo amathamangira ndico cimayamba kugwa mu Febuluwale.

Zocita zake si za anthu olemera okha. Denga lipitirire khoma ndithu. Mozungulira nyumba pakhale khonde lokwezedwa lotsetsereka kunja, la simenti ngati ilipo, kapena la njerwa zoswekasweka ndi miyala yotsendera. Kangalande kocotsa madzi kakumbidwe mvula isanayambe. Amene angathe aike ngalande ya citsulo kapena ya pulasitiki m'mphepete mwa malata yolozetsa madzi m'dilamu, ndipo dilamulo likhale ndi cotsekera. Pomanga, pakati pa maziko ndi khoma payalidwe pepala lakuda la pulasitiki loletsa cinyezi kukwera. Khoma lopanda pepalali mumalidziwa ndi pulasitala yofumbutuka m'munsi ndi mcere woyera wotuluka pa njerwa.

Nayo simenti timaizunza. Pomangira njerwa ndi popaka pulasitala, thumba limodzi la makilogalamu 50 liyenera mawilibala atatu a mcenga wosasakanikirana ndi dothi. Ife timauza mmisiri kuti aike asanu kapena asanu ndi limodzi kuti matumba akwane, ndipo iye poopa kutaya nchito amavomera. Tikatha sitithirira madzi, conseco simenti imalimba ndi cinyezi ndipo imafuna kunyowetsedwa masiku asanu ndi awiri. Mu dzuwa la Okutobala pulasitala yosathiriridwa imauma isanalimbe. Ikayamba kukokoloka timati simenti ya masiku ano ndi yabodza, kapena timayamba kuganizira anansi kuti atilodzera nyumba. Ndakhalapo pa milandu ya mtundu umenewu m'mphakati, abale enieni osalankhulana cifukwa ca mng'alu wa pa khoma, pamene wolakwa ndi wilibala yacisanu ya mcenga.

Amene akayika kuti njerwa za dothi la kuno zingakhalitse apite pa boma akaone Castle ija ili m'mbali mwa damu. Anaiyamba ndi DC Errol Button kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, ndipo manja amene anaumba ndi kusanja njerwa zake anali a agogo athu. Papita zaka zoposa 70 ndipo makoma akali ciimire.

Palinso cina cimene sitifuna kumva. Mphepo imene ikusasula madenga ikufika pa nyumba zathu mosapingidwa cifukwa mitengo tinaimaliza. Uvuni umodzi wa njerwa umadya ngolo zingapo za nkhuni zazikulu, ndipo mitengo yoyamba kugwa ndi ya pafupi ndi mudzi. Onjezanipo mashedi a fodya, makala ndi minda yatsopano. Akatswiri a za nkhalango akhala akunena kuti dziko la Zambia limataya mahekitala oposa 250,000 a nkhalango pa caka, ndipo ife a kuno sitifunika kuuzidwa, tingoyang'ana kumene amai akukatola nkhuni lero poyerekeza ndi kale. Ndiye kuti nyumba iliyonse yatsopano imayamba ndi kudula cishango cake comwe. Malemu Papa Francis m'kalata yao ya Laudato Si' ya mu 2015 anatikumbutsa kuti dziko lapansi ndi nyumba ya tonse yoyenera kusamalidwa. Nditaiwerenga poyamba ndinaiona ngati nkhani ya maiko a mafakitale. Caka cotsatira denga langa litauluka ndinaimva mwa mtundu wina.

Mbeu za mitengo sizikusowa. A bungwe la COMACO, amene anayamba nchito zao kuno ku Lundazi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, aphunzitsa alimi ambiri kubzala gilisidiya, mtengo wokula msanga, wobwezera conde m'nthaka ndiponso wopereka nkhuni ukamathenedwa. Mzere wa gilisidiya, keshya kapena nimu ku mbali imene mphepo imacokera pa mudzi panu umachinga nyumba m'zaka zocepa. Koma ibzalidwe patali ndithu ndi khoma. Mango wobzalidwa pa windo amaoneka bwino akali wamng'ono. Akakula mizu imanyamula khonde, nthambi zimakhula malata ndipo masamba oundana pa denga amabweretsa dzimbiri. Bulugamu asayandikire citsime.

Apa ndi pamene mbuzi zimalowera m'nkhani. Kukolola kukangotha aliyense amamasula ziweto zake, ndipo kamtengo kamene munthu wathirira miyezi isanu kamatha m'mawa umodzi. Cimodzimodzi kadimba ka kuseli kwa nyumba. M'cilala ca 2023/2024, cimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anacilengeza kuti ndi ngozi ya dziko lonse pa 29 Febuluwale 2024, tinaona kuti mabanja amene anali ndi mizere ingapo ya repu, mpiru ndi tomato yothiriridwa ndi madzi otsukira mbale anali ndi ndiwo pamene ena anali kusowa. Koma ambiri amagwa mphwayi cifukwa ca mbuzi ndi nkhuku za anansi. Mpanda wa udzu ciswe cimaudya caka comweco. Mpanda wamoyo wa gilisidiya kapena wa khonje umakhalitsa. Wa nkhadze nawo umagwira, koma utomoni wake ndi woopsa m'maso mwa ana. Ndipempha anyakwawa athu, ndi ulemu wonse, kuti mlandu wa mbuzi yodya mtengo wobzala uziweruzidwa mofanana ndi wa mbuzi yodya cimanga, ndipo ngati nkotheka nkhaniyi ikafike ndi kwa a Mfumu Yaikulu Mwase kuti likhale lamulo la dera lonse. Pakali pano wodandaula za kamtengo amasekedwa pa bwalo.

Denga likauluka, la nyumba, la sukulu kapena la chalichi, timathamangira kwa akhansala ndi ku ofesi yoona za ngozi ya DMMU. Kupempha thandizo si kulakwa, koma boma silingafolere nyumba iliyonse, ndipo malata atsopano okhomedwa pa khoma lomwe lija lopanda waya adzaulukanso. Kucokera mu 2022, pamene ndalama za CDF zinakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsticuwensi iliyonse, muli gawo lolipirira acinyamata maphunziro a nchito za manja. Ndikanakonda makomiti a m'mawadi athu atalimbikitsa anyamata ndi atsikana kusankha umisiri wa njerwa ndi ukalipentala. Amisiri ambiri m'midzi anaphunzira pongoponyera anzao njerwa, ndipo zimene mphunzitsi wao sanadziwe naonso sazidziwa. Mwini nyumba naye aziyamba wakhala pansi ndi mmisiri kuwerengera zonse, waya, pulasitiki, mankhwala a mapulanga ndi misomali, asanapite kukagula malata. Ndalama zikacepa kuli bwino kumanga zipinda ziwiri zolimba caka cino, zina nkudzaonjezera mtsogolo.

Nanga amene tinamanga kale molakwika? Mpata ulipo. Khoma lingabooledwe mizere ingapo kutsika kucokera pamwamba, waya nkupisidwa nkukulunga pulanga, bowo nkutsekedwa ndi simenti. Ndi mmene ndinakonzera mbali ya nyumba yanga imene inatsala, ndipo yapirira madzinja onse kucokera pamenepo. Ndi nchito ya tsiku limodzi kwa anthu anayi, koma mutu umodzi susenza denga, makamaka kwa amai amasiye ndi okalamba amene ana ao a m'tauni anawatumizira malata cabe osaganizira zina. Mu mphakati wathu tagwirizana kuti Loweruka lililonse kufikira mvula itayamba tizikonza nyumba imodzi ya otere, osafunsa kuti mwini wake amapemphera kuti. Tayamba ndi ya agogo ena a kumunsi kwa dambo, kumene tinapeza denga lonse litangogwidwa ndi miyala isanu ndi umodzi ndi khasu lakutha. Waya tinasonkherana, makwerero tinabwereka. Pa ndandanda patsala nyumba zisanu ndi ziwiri, ndipo tikusowa pulayala yaciwiri.